Kuphunzira ntchito yogulitsa pa okshoni: zoyenera kuchita kuno ku Mzuzu musanalipire sukulu, muli kusukulu, ndiponso mukabwerako

Anthu ambiri akamva wogulitsa pa okshoni akuthamangitsa manambala pakamwa amaganiza kuti ntchito yonse yagona pa lilime. Lilime ndi lofunika, koma ndi gawo losavuta kuphunzira, ndipo sukulu zimaliwongola m'masiku ochepa. Chimene chimadyetsa munthu pa ntchitoyi kwa zaka zambiri n'choti mwini katundu azitha kumusiyira katundu wake osada nkhawa, wogula azitha kukweza dzanja akudziwa kuti sakupusitsidwa, ndipo madzulo zolembedwa m'buku zigwirizane ndi ndalama zimene zili m'thumba. Ngati mukuganiza zopita kukaphunzira, konzekani ndi zimenezi m'mutu, chifukwa zikuthandizani kusankha sukulu yoyenera ndiponso kuti musataye ndalama pa zinthu zimene mukanaphunzira muli pakhomo panu ku Chibavi kapena ku Zolozolo.

Yambani ndi kuonerera

Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi umene anthu a m'matauni ena alibe: msika wa fodya uli pakhomo. Okshoni ya fodya inayambira ku Limbe m'zaka za m'ma 1930, ya Mzuzu inatsegulidwa m'ma 1990, ndipo lero ndi umodzi mwa misika ya kampani ya AHL pamodzi ndi Kanengo, Limbe ndi Chinkhoma ku Kasungu. Nyengo yogulitsa ikafika, mabelo ochokera ku Rumphi, Mzimba ndi madera ena a kumpoto amafoletsedwa m'mizere, ndipo wogulitsa amayenda ndi ogula kuchoka pa belo ili kupita pa linalo. Belo limodzi limatha m'masekondi ochepa. Mtengo umatchulidwa m'madola a ku America pa kilogalamu, ndipo pambuyo pamabwera wolemba mtengo ndi dzina la kampani yogula pa tikiti ya belolo.

Si malo ongolowa chisawawa, choncho pemphani chilolezo ku ofesi kapena mupite ndi mlimi kapena kalabu imene ikugulitsa tsikulo. Mukalowa musatengeke ndi liwiro la mawu. Yang'anani maso a wogulitsa. Ogula fodya sakuwa, ena amangogwedeza chala, ena kutukula nsidze, ndipo iye amaziona zonsezo akuyenda. Yang'ananinso nkhope ya mlimi pamene belo lake labwezedwa chifukwa mwapezeka ulusi wa pulasitiki kapena masamba osakanikirana. Pamenepo mudzamvetsa kuti manambala amene mudzatchule pa ntchitoyi ndi fizi ya mwana wa munthu wina.

Dziwaninso izi msanga: kuyambira pamene ulimi wa kontrakiti unakhazikika cha m'ma 2012, fodya wambiri amagulidwa ndi makampani amene anagwirizana kale ndi alimi, ndipo wopita pa mpikisano weniweni wa mitengo ndi wochepa. Amene akulota zogulitsa fodya yekha akudzitsekera khomo. Pitani mukaonenso okshoni za mtundu wina. MRA imagulitsa katundu wolandidwa chifukwa cha msonkho, masherifu amagulitsa katundu wa anthu amene khoti lawalamula kubweza ngongole, mabungwe ndi maofesi a boma amagulitsa magalimoto ndi mipando yakale, mabanki amagulitsa nyumba za chikole. Zambiri mwa izi zimalengezedwa m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times. Pitani ndi kope, khalani kumbuyo, muzilemba mtengo umene chinthu chayambira, pamene chathera, ndi anthu angati amene amalimbirana.

Sankhani katundu amene mukumudziwa

Wogulitsa amene sadziwa mtengo wa chinthu chimene wanyamula amayamba pamwamba kwambiri anthu n'kungomuyang'ana, kapena amayamba pansi kwambiri n'kutaya theka la ola akukwawa. Ngati munakulira pa ng'ombe ku Mzimba kapena ku Karonga, muli kale ndi diso limene sukulu singakupatseni. Ngati munagwirapo pa galaja ku Luwinga, magalimoto ndi mathirakitala ndi anu. Za nyumba ndi malo zimafuna maphunziro owonjezera a kawerengedwe ka mitengo ndi malamulo a malo, ndipo musazithamangire. Sankhani mbali imodzi kapena ziwiri, ndipo sabata iliyonse muzifunsa mitengo yake kwa ogulitsa ndi amakaniko mpaka muzitha kulosera musanauzidwe.

Manambala: ntchito ya pakhomo ya miyezi ingapo

Apa ndipo ndikufuna muchedwepo, chifukwa amene amafika kusukulu manambala asanakhazikike pakamwa amathera masiku ake onse akulimbana ndi zimene anzake anamaliza kunyumba.

Kuitanira mitengo kuli ndi zinthu ziwiri zokha: mtengo umene mwapatsidwa ndi mtengo umene mukufuna. Mawu ena onse ndi odzazira kuti mpweya ndi kayendedwe ka mawu zisaduke. Kuno kwathu ndalama timazitchula m'Chingerezi ngakhale tikulankhula Chichewa kapena Chitumbuka, ndiye zimamveka motere: "Teni sauzande ndapatsidwa, ndani fifitini? Teni ndili nayo, fifitini, fifitini, ndani fifitini? Fifitini kwa amayi kumbuyoko, tsopano twente, bambo mubwera pa twente?" Onani kuti nambala iliyonse ikumveka bwinobwino. Munthu amene sakumva mtengo sakweza dzanja, amaopa kugula chinthu pa ndalama imene alibe.

Yesererani chonchi tsiku lililonse, mphindi 15 kapena 20, mokweza mawu, mutaimirira. Werengani 1 mpaka 100 kenako mubwerere chammbuyo. Pitani pa 5, 10, 15, 20 mpaka 100, mubwererenso. Kenako 2.5, 5, 7.5, 10, imene imapunthwitsa pafupifupi aliyense poyamba, ndipo ndi imene mudzaifune pamene mpikisano wafooka ndipo mukufuna kudula sitepe pakati kuti wina abwerenso. Malizani ndi 25, 50, 75, 100, 125 ndi manambala a mamiliyoni, poti galimoto kapena nyumba masiku ano siitchulidwa m'masauzande. Ombani m'manja kapena gundani phazi kuti liwiro likhale limodzi. Musathamange. Liwiro limabwera lokha pakapita nthawi, koma chizolowezi chomeza manambala chikalowa chimavuta kuchichotsa.

Ophunzira a ku America ali ndi kachizolowezi kothandiza kwambiri: akamayenda pa msewu amatenga pholo lililonse la magetsi ngati wogula amene wakweza dzanja. Chitani zomwezo poyenda kuchokera ku Katoto kulowera m'tauni. Pholo likafika, mtengo wakwera, ndipo muyenera kusintha manambala onse awiri osaima. Jambulani mawu anu pa foni, mumvetsere madzulo, ndipo mupatse munthu wachikulire amve. Akakufunsani kuti "mwati zingati?" ndiye kuti simunafike.

Mawu azichokera m'mimba, osati pakhosi. Ikani dzanja pa mchombo, pumani mpaka dzanjalo likankhidwe, ndiye muyambe kulankhula. Okshoni ya katundu wa m'nyumba imatha kutenga maola anayi kapena asanu, ndipo wokuwira pakhosi amasasa mawu ola lachiwiri lisanathe. Kuzizira kwa Mzuzu m'miyezi ya June ndi July sikukhululuka: valani sikafu, imwani madzi ofunda, ndipo musayambe kukuwa m'mawa musanatenthetse mawu ndi kung'ung'udza pang'onopang'ono.

Chinanso, khamu la kuno ndi losakanikirana. Muli Atumbuka, Atonga, Ankhonde, Achewa, ndi ogula ochokera ku Tanzania. Kuyamba ndi "Monire mose" ndi kuyankha "yewo" wina akakweza mtengo kumamasula anthu. Ngati Chitumbuka simuchidziwa, phunziraniko moni ndi mawu a pamalonda.

Kusankha sukulu

Sukulu zakale ndi zotchuka za ntchitoyi zili ku America. Missouri Auction School inayamba mu 1905, Reppert ya ku Indiana mu 1921, ndipo World Wide College of Auctioneering ya ku Iowa mu 1933. Maphunziro ake ndi afupi koma othithikana, sabata imodzi kapena iwiri, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Pafupi ndi kwathu, South Africa ili ndi msika waukulu wa okshoni za ziweto, magalimoto ndi nyumba, ili ndi bungwe la ogulitsa pa okshoni lotchedwa South African Institute of Auctioneers, ndipo kumapezeka maphunziro a masiku ochepa. Kwa munthu wa ku Mzuzu, ulendo wa basi wopita ku Johannesburg ndi wofikirika kusiyana ndi ndege ndi viza ya ku America. Sukulu zina zimaphunzitsanso pa intaneti.

Musanatumize ndalama iliyonse, alembereni ndi kuwafunsa mafunso awa. Kodi wophunzira aliyense amagwira maikolofoni maola angati, ndipo m'gulu mumakhala anthu angati? Kodi pamakhala okshoni yeniyeni ya anthu ogula ndi ndalama zawo, kapena ophunzira amangogulitsana okhaokha? Kodi aphunzitsi akugulitsabe pa okshoni panopa? Kodi amaphunzitsa ukalaliki wa okshoni, kalembedwe ka mgwirizano ndi mwini katundu, kasungidwe ka ndalama za anthu ndi kalengezedwe ka malonda? Funso lomalizali ndi limene ine ndimaliona lalikulu. Sukulu imene ikungolonjeza kuti mudzatuluka mukuyankhula mothamanga ikukugulitsani gawo lotchipa la ntchitoyi. Pemphaninso kuti akulumikizeni ndi munthu mmodzi kapena awiri amene anaphunzira kumeneko.

Powerengera ndalama musaiwale kuti fizi ndi gawo chabe. Pali mayendedwe, malo ogona, chakudya, pasipoti, ndiponso vuto lopeza ndalama zakunja kubanki, limene limafuna kuyamba msanga ndi kalata ya sukulu m'manja. Lipirani ku akaunti ya sukulu, osati ya munthu amene mwakumana naye pa Facebook kapena WhatsApp. Maphunziro a pa intaneti ndi abwino pa malamulo ndi mabuku, koma mantha oima pamaso pa anthu samachoka pa kompyuta. Mukasankha njira imeneyi, muyenera kudzipezera nokha khamu loyesererapo.

Muli m'kalasi

Khalani kutsogolo ndipo mukafunsidwa woyamba kuyesera, imirirani. Aliyense amasokoneza manambala masiku oyambirira, ndipo ndi bwino kusokonezera pamaso pa mphunzitsi. Musakopere kayankhulidwe ka mphunzitsi wa ku Iowa kapena wa ku Free State ku South Africa mawu ndi mawu, poti wogula wa ku Mchengautuwa sadzakumvani. Tengani kapangidwe kake, mawu odzazira muike anu.

Pemphani kuti mugwireko ntchito zinanso zitatu izi, osati ya pa nsanja yokha. Kalaliki amalemba nambala ya katundu, mtengo ndi nambala ya wogula nyundo ikangogunda. Wothandizira amaima pakati pa anthu n'kumakuwa akaona dzanja limene wogulitsa sanalione. Wolandira ndalama amalemba malisiti. Mukadzabwerera kuno mudzayenera kuphunzitsa abale kapena anzanu ntchito zimenezi, ndiye tengani makope a mafomu onse amene sukulu ikugwiritsa ntchito: fomu yolembetsera ogula, pepala la kalaliki, mgwirizano wa mwini katundu, ndi pepala lowerengera ndalama zake pomaliza.

Mudzaphunziranso mitundu ya okshoni. Yodziwika kwa ife ndi ya mtengo wokwera. Ku Aalsmeer ku Netherlands maluwa amagulitsidwa ndi mtengo wotsika, woyamba kuvomera ndiye watenga. Pali ya maenvulopu omata, imene maofesi ambiri kuno amaikonda. Mudzamvanso za ndalama yowonjezera imene wogula amalipira pamwamba pa mtengo wa nyundo, imene makampani a okshoni a Christie's ndi Sotheby's a ku London anaiyambitsa mu 1975 pa 10 peresenti. Ngati mudzaigwiritse ntchito kuno, ilembeni pa chilengezo ndipo muitchule musanayambe, chifukwa munthu akaimvera pa tebulo lolipirira pamabuka mkangano.

Setifiketi si chilolezo

Malamulo amene mudzaphunzire kunja ndi a dziko limenelo. Mukabwera, lembetsani bizinesi yanu ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ku MRA ndipo mufunse za msonkho umene umakhudza komishoni ndi katundu wogulitsidwa, kenako pitani ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu mukatenge laisensi yoyenera. Lipirani loya ola limodzi akuwerengereni mgwirizano wanu ndi malamulo a okshoni yanu. Ndalama imeneyo simudzaidandaula.

Werenganinso nokha gawo la okshoni m'lamulo la Sale of Goods Act. Mfundo zake ndi zochepa koma ndi msana wa ntchito yonse. Katundu aliyense amene waikidwa pa nambala yakeyake ndi malonda apaokha. Malonda amatha pamene wogulitsa walengeza pogunda nyundo kapena mwa njira ina yozolowereka, ndipo nyundo isanagunde wogula ali ndi ufulu wobweza mtengo wake. Mwini katundu saloledwa kukweza nawo mtengo, kapena kutuma munthu womukwezera, pokhapokha zitalengezedwa poyera. Mwini akhoza kuika mtengo umene katundu sangagulitsidwe pansi pake, ndipo ogula ayenera kuuzidwa kuti mtengo wotero ulipo.

Chiyeso chachikulu chimabwera pomwepa. Khamu likazizira, mtima umakuuzani kuti muloze kumbuyo kumene kulibe munthu n'kunena kuti "fote ndapatsidwa". Musatero. Mzuzu ndi tauni yaing'ono, ogula magalimoto ndi zitsulo ndi omwewo pa okshoni iliyonse, ndipo akakugwirani kamodzi nkhani ifika ku msika wa Taifa dzuwa lisanalowe. Iwonso ali ndi chinyengo chawo: amapangana kuti asapikisane, mmodzi agule motchipa, akagawane kunja kwa geti. Mankhwala ake ndi kulengeza malonda mokwanira kuti pabwere nkhope zatsopano, ndiponso mtengo wotetezera mwini umene mwagwirizana polemba.

Pezani khamu, kenako pezani bwana

Malo oyesererapo ndi ambiri kuposa mmene mukuganizira. Kutchalitchi pa Sabata la zokolola pamakhala nkhuku, mikoko ya nthochi, matumba a chimanga ndi mbuzi zofuna kugulitsidwa. Pa ukwati pamagulitsidwa keke. Sukulu ndi makwaya amachita zosonkhetsa ndalama. Dziperekeni kwaulere, koma muichite ngati okshoni yeniyeni: katundu akhale ndi manambala, pakhale wolemba, ndipo pomaliza mupereke kwa msungichuma pepala logwirizana ndi ndalama. M'khamu lomwelo mumakhala mamanejala a mabungwe ndi mabanki amene tsiku lina adzafuna wogulitsa.

Pambuyo pake funani kampani kapena munthu amene akuchita kale okshoni mumugwirire, ngakhale ntchito yomata manambala ndi kunyamula mipando. Chaka chimodzi pansi pa munthu wodziwa chidzakuonetsani zimene kalasi singathe: mmene amatonthozera mayi wamasiye amene akugulitsa katundu wa malemu amuna ake, mmene amayankhulira ndi munthu amene katundu wake walandidwa ndipo waima pomwepo misozi ili m'maso. Okshoni zambiri zimabwera chifukwa cha ngongole, imfa kapena kusamuka, ndipo nthabwala zimene zimakoma pa keke ya ukwati pamenepo sizikhala.

Okshoni yanu yoyamba

Yambani ndi yaing'ono, katundu wa m'nyumba ndi wa mu ofesi. Musalandire chinthu popanda umboni woti ndi cha amene wabwera nacho. Galimoto ikhale ndi blue book ya dzina logwirizana ndi chitupa chake, ndipo mutsimikize kuti msonkho unalipiridwa ndiponso kuti si chikole cha ngongole. Ng'ombe zikhale ndi makalata a kumudzi ndi a alangizi a ziweto. Mafoni ndi malaputopu opanda lisiti asiyeni. Kugulitsa katundu wakuba kumakugwetsani m'mlandu inuyo, ngakhale mutati simunadziwe.

Lembani mgwirizano ndi mwini aliyense: katundu wake, komishoni yanu, amene alipire zolengeza, mtengo wotsikitsitsa ngati ulipo, ndi tsiku limene adzalandire ndalama. Jambulani zithunzi, matani manambala, lengezani pa wailesi, m'magulu a WhatsApp ndi pa zikwangwani kwa masabata awiri. Perekani tsiku loti anthu adzaone katundu, ayatse firiji, alize injini. Chimene chili ndi vuto nenani kuti chili ndi vuto. Pezani malo a denga chifukwa mvula ya Mzuzu sipangana ndi munthu, ndipo sipika ikhale ya batire kuti magetsi akazima musaime.

Pa tsikulo wogula aliyense alembetse, apereke dipoziti yobwezedwa, alandire khadi la nambala yaikulu yooneka patali. Werengani malamulo mokweza musanagulitse kanthu: nthawi yolipira, nthawi yochotsa katundu, ndi zimene zichitike kwa wopambana amene walephera kulipira. Yambani ndi tinthu tating'ono totchipa kuti manja azolowere kukwera, katundu wamkulu mumuike pakati pamene anthu adzaza, osati kumapeto pamene ayamba kuthamangira maminibasi. Mpikisano ukatsala pa anthu awiri, chepetsani liwiro, muwayang'ane mmodzimmodzi: "Bambo a jekete yofiira, ili pa K480,000 kwa anzanu. Mubwera pa K490,000?" Akapukusa mutu, chenjezani kachitatu, gundani nyundo, ndipo mutchule momveka mtengo ndi nambala ya wogula kuti kalaliki alembe. Anthu awiri akakanganirana kuti dzanja langa ndi limene linali loyamba, bwezeretsani katunduyo pa mpikisano pakati pa awiriwo nthawi yomweyo.

Ndalama zolowa pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki muzione nokha mu akaunti, musakhulupirire uthenga umene wogula akukuonetsani pa foni yake. Katundu asatuluke pageti popanda lisiti. Ndalama za eni katundu zikhale mu akaunti yakeyake, yosiyana ndi ya bizinesi yanu, ndipo musabwerekeko ngakhale ya mafuta.

Usiku womwewo khalani pansi ndi kalaliki muwerengere mwini aliyense. Tiyerekeze kuti njinga yamoto yagulidwa pa K1,200,000, munagwirizana komishoni ya 10 peresenti, ndipo gawo lake la zolengeza ndi K35,000. Inu mutenga K120,000, zolengeza K35,000, mwini alandira K1,045,000. Zilembeni pa pepala mzere ndi mzere, pamodzi ndi msonkho uliwonse umene lamulo likufuna kuti udulidwe, musainire nonse awiri, ndipo kope limodzi musunge m'fayilo. Katundu amene sanafike pa mtengo wotsikitsitsa muimbireni mwini wake m'mawa mwake, mumuuze mtengo umene anthu anafikapo, asankhe yekha kugulitsa kwa amene anatchula mtengo wapamwamba, kudikira okshoni yotsatira, kapena kudzatenga katundu wake.